Ndalama zomwe ndinalipira pa masatifiketi a netiweki, ndi zomwe zinabwerera

Ntchito ya netiweki ndinaiyambira pa makwerero. Zaka zitatu zoyambirira ndinkakoka nthambo kudenga, kumanga mitu ya RJ45, kulemba manambala pa patch panel ndi kunyamulira anzanga laputopu. Switch, chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki, ndinkaipachika ndine mu rack, kuiyatsanso ndinkaiyatsa ndine, koma ikafika nthawi yolowa m'kati mwake n'kuikonza, ndinkaima kumbuyo kwa mpando wa wina n'kumangoonerera. Mpando umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Makalata ofunsira ntchito ndinatumiza ambirimbiri, koma palibe amene anandiitana ngakhale kamodzi. Pafupifupi chilengezo chilichonse chinali ndi mzere womwewo, wakuti wofunsira akhale ndi CCNA, satifiketi yoyambira ya netiweki ya kampani ya Cisco, kapena ina yofanana nayo.

Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito masiku ano amandifunsa ngati mapepala odulawa ali oyeneradi ndalama zake. Sindiwayankha kuti inde kapena ayi, chifukwa ndalama zomwe ine ndinatulutsa sizinayende njira imodzi. Zina zinabwerera ndi phindu lake. Zina zinalowa m'madzi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zoyamba kulowa m'madzi zinali za ngongole. Pa 24 February 2020 Cisco inasintha dongosolo lonse la masatifiketi ake. Ma CCNA osiyanasiyana omwe analipo anaphatikizidwa kukhala mayeso amodzi, a 200-301, ndipo CCENT, yomwe ambiri ankayambira, inathetsedwa. Pa nthawi imeneyo panali chisokonezo pakati pa ife ofuna kulemba. Mabuku akale sankagwirizananso bwino ndi mayeso atsopano, ndipo ine ndinali ndi mantha kuti pandekha sindingathe. Ndiye nditamva za malo ena ophunzitsa omwe ankalonjeza kuti m'masiku asanu munthu amakhala atakonzeka, ndinakopeka. Mtengo wa kosiyo unali wopitirira kangapo mtengo wa mayeso enieniwo, omwe anali madola 300 a ku America. Ndinapita kwa achemwali anga aakulu kukabwereka.

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. Kenako anati, "Achimwene, mwatsimikiza kuti pepala limeneli likupezetsani ntchito? Ndalamazi ndinasungira ana." Ndinawatsimikizira. Sindinkanama, ndinkakhulupiriradi.

Masiku asanuwo anatha ngati mphepo. Mphunzitsi ankadziwa zinthu, zimenezo sindingamunamizire, koma nkhani zomwe zimafuna miyezi ankazithamangitsa pa maola. Subnetting tinaiona masana amodzi. Spanning tree ndi EtherChannel zinatha dzuwa lisanafike pamutu. OSPF tinangoinunkhiza. Tsiku lachinayi anatipatsa fayilo ya mafunso mazanamazana ndi mayankho ake, n'kunena kuti amenewa ndi omwe tikawapeze m'chipinda cha mayeso. M'ntchito yathu amati ma dump. Kunena mosabisa, ndi likasa. Ndinadziwa mumtima kuti si zoyenera, koma ndinali ndi ngongole pamutu, ndipo milungu iwiri yotsatira ndinaithera kuloweza.

Mayeso a CCNA amatenga mphindi 120, ndipo ukayankha funso n'kupita patsogolo, sungabwererenso. Pofika funso lakhumi ndinali nditayamba kutuluka thukuta m'manja. Mafunso ena ankaoneka ngati odziwika, koma manambala anali ena. Ndimakumbukira limodzi bwinobwino. Anandionetsa routing table, ndandanda ya njira zomwe router (chipangizo cholumikiza maneti osiyana) imadziwa, yokhala ndi njira zinayi zopita kumaneti oyandikana, n'kufunsa kuti router idzasankha iti potumiza paketi ku adiresi inayake. Yankho lake ndi losavuta kwa munthu womvetsa, chifukwa router imasankha njira yomwe prefix yake ndi yaitali kwambiri mwa zonse zogwirizana ndi adiresiyo. Ine ndinali nditaloweza kuti yankho ndi lachitatu, osadziwa chifukwa chake. Ndinalephera. Pepala la zotsatira linaonetsa kuti gawo lomwe ndinagwa kwambiri ndi IP Connectivity, lomwenso ndi lalikulu pa magawo asanu ndi limodzi a mayesowo, chifukwa limatenga 25 peresenti.

Pambuyo pake ndinawerenga mofatsa pangano lomwe munthu amavomereza asanayambe mayeso, lomwe tsiku lija ndinangolidina osaliwerenga. Kugwiritsa ntchito mafunso obedwa n'kuphwanya panganolo, ndipo wopezeka akhoza kulandidwa masatifiketi ake n'kuletsedwa kulembanso. Choncho kulephera kuja kunandipulumutsa ku chinthu choipa kwambiri. Koma madzulo a tsiku limenelo sindinkaganiza zimenezo. Ndinkaganiza zoti ndikawauza chiyani achemwali.

Lamulo limalola kulembanso pakapita masiku asanu. Ine ndinadikira miyezi isanu, ndipo miyezi imeneyo ndiyo inandipanga kukhala munthu wa netiweki. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi zonse zomwe ndinkafunika zinali zaulere kapena zotsika mtengo. Mndandanda wa mitu ya mayeso Cisco imauika poyera pa intaneti. Ndinausindikiza n'kuumata pakhoma, ndipo mutu uliwonse ndinkaudula mzere pokhapokha nditaupanga ndi manja anga. Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, imapezeka ulere kudzera ku Cisco Networking Academy. Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketi oyenda pa netiweki, ndi yaulere. Ndinagula buku limodzi. Kuntchito kunali ma switch awiri akale a Catalyst 2960 omwe anachotsedwa n'kuikidwa m'sitolo ya zipangizo, ndipo nditapempha, bwana anandilola kupita nawo kunyumba.

Usiku wina ndinazimitsa dala spanning tree, njira yoletsa mapaketi kuzungulira mosalekeza, pa ma switch awiriwo, n'kuwalumikiza ndi nthambo ziwiri. Ndinatumiza ping imodzi yokha ku adiresi yomwe kunalibe. Nyali zonse za ma port zinayamba kuphethira nthawi imodzi, mofulumira ngati zapenga, laputopu inayamba kulemera, ndipo pa console panayamba kutuluka mauthenga akuti MAC address imodzi ikudumphadumpha pakati pa ma port awiri. Nditazula nthambo imodzi, zonse zinakhala bata. Ndinakhala pansi kwa kanthawi ndikuyang'ana nthamboyo m'manja. Za spanning tree, zomwe Radia Perlman anakonza mu 1985, zomwe kukosi kuja tinazidutsa pa ola limodzi, ndinazimvetsa usiku umenewo, ndipo sizinandichokenso m'mutu.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Ndinalipiranso madola 300, ndipo pa ndalama zonse zomwe ndaika m'ntchito imeneyi, zimenezo ndi zomwe zinabereka kwambiri. CV yanga sinasinthe kalikonse kupatula zilembo zinayi, koma pasanathe miyezi iwiri ndinali nditaitanidwa ku ma intavyu atatu. Patapita nthawi ndinamvetsa chifukwa chake. Munthu woyamba kusefa makalata nthawi zambiri si wa netiweki. Ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, kapenanso pulogalamu ya pakompyuta, ndipo ali ndi mulu wa makalata ndi mndandanda wa mawu oti awapeze. Sangathe kuyeza ngati umadziwa VLAN, njira yogawira netiweki imodzi m'magulu osiyana. Zomwe angathe n'kuona ngati zilembozo zilipo. Zaka zitatu zanga za pa makwerero sizinkafika n'komwe pa tebulo la injiniya.

Ku intavyu yomwe inandipatsa ntchito, satifiketi sanaitchule n'komwe. Mmodzi mwa ofunsa analemba pa bolodi adiresi yoyamba ndi 169.254, n'kunena kuti kompyuta ya wogwira ntchito wina ikuonetsa imeneyi, ndiyambira pati? Ndinafotokoza kuti kompyuta imadzipatsa yokha adiresi yotere ikalephera kupeza yankho la DHCP, yomwe imagawira makompyuta ma adiresi, ndiye ndiyamba ndaona ngati port ili mu VLAN yoyenera, kenako ngati VLAN imeneyo ikudutsa pa trunk, nthambo yonyamula ma VLAN angapo, kenako ngati pa gateway pali `ip helper-address` yoloza ku seva. Zonsezi ndinali nditazithyola n'kuzikonzanso kunyumba kangapo. Ngongole ya achemwali ndinamaliza kubweza chaka chomwecho.

Pa mwezi wachitatu pantchito yatsopano ndinapatsidwa kanthu kooneka kakang'ono, kuwonjezera VLAN 60 ya makamera pa trunk yopita ku nyumba ina ya kampaniyo. Ndinalowa mu switch kudzera pa netiweki, pa SSH, ndili pa desiki yanga, n'kulemba `switchport trunk allowed vlan 60`. Nditangodina Enter, zenera la pa kompyuta linauma. Kenako mafoni a pa desiki kunyumba inayo anazima onse, ndipo foni yanga ya m'manja inayamba kulira. Ndinali nditasiya liwu limodzi, `add`. Popanda liwu limenelo, lamulolo siliwonjezera VLAN pa zomwe zilipo kale. Limafufuta mndandanda wonse n'kusiya yomwe walembayo yokha. Ndinadula ma VLAN onse, kuphatikizapo yomwe ineyo ndinkalowera.

Ndinathamanga ndi nthambo ya console, yolowera mu switch uli pomwepo, m'manja. Mkulu wina wa timu yathu, bambo wofatsa amene CCNP yawo, satifiketi ya pamwamba pa CCNA, inatha mphamvu zaka zambiri zapitazo ndipo sanaikonzenso, anabwera pambuyo panga akuyenda pang'onopang'ono. Anandisiya kuti ndikonze ndekha. Zinatenga mphindi pafupifupi makumi awiri kuti zonse zibwerere. Pobwerera ndi pomwe analankhula.

"Mphwanga, za `add` mumazidziwa, si choncho?"

"Ndimazidziwa, akulu. Zinali m'buku."

"Ndiye vuto si kudziwa. Musanagwire switch yomwe ili kutali, muzilemba kaye `reload in 10`. Mukadzitsekera kunja, pakatha mphindi khumi imadzizima n'kudzuka ndi config yakale, malinga ngati simunasunge zatsopanozo. Zikayenda bwino, mulembe `reload cancel`. Ndipo lamulo lililonse muzililemba kaye pambali, wina aliwerenge, musanaliike."

Zimenezi palibe mayeso omwe anandifunsapo. Ndinaziphunzira ndili pakhonde, mtima ukugunda, kwa munthu amene pa pepala analibe satifiketi ngakhale imodzi yamoyo. Anthu ena akamva nkhani ngati iyi amafulumira kunena kuti ndiye mapepala ndi achabe. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa popanda pepala lija sindikanaima pakhonde limenelo ndi mkulu ameneyo.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri pa ndalama kunali kwa mtundu wina. CCNA itandiyendera bwino, ndinaganiza kuti pepala lililonse lotsatira lichitanso chimodzimodzi. CCNP Enterprise imafuna mayeso awiri, oyamba a ENCOR, 350-401, omwe anali madola 400, ndi ena osankha, a madola 300. Ndinalipira ENCOR ndi ndalama zanga popanda kufunsa aliyense ngati ikufunika. Ndinawerenga miyezi isanu ndi iwiri, n'kukhoza. Nditapita nayo kwa bwana, anandigwira chanza n'kundiyamikira kuchokera pansi pa mtima, koma malipiro sanasunthe. Sanalakwe. Kampaniyo inkagulitsa zinthu zina, osati netiweki, ndipo ntchito yanga ya Lolemba inali yomweyo yomwe ndinkagwira Lachisanu. Mitu ina ya mayesowo, monga SD-Access ndi SD-WAN, kuntchito kunalibe poigwiritsa ntchito, ndipo pasanathe chaka yambiri inali itandithawa m'mutu. Phindu looneka lomwe ndinapeza linali lakuti kukhoza ENCOR kunawonjezera zaka zitatu pa CCNA yanga.

Nkhani ya zaka zitatuyi ambiri saiwerengera poyamba. Masatifiketi a Cisco amakhala ndi mphamvu zaka zitatu. A Juniper chimodzimodzi, Network+ ya CompTIA chimodzimodzi, MTCNA ya MikroTik chimodzimodzi. Ku Cisco, kuti pepala lisafe, munthu amalembanso mayeso kapena kusonkhanitsa makirediti a maphunziro opitiriza, 30 pa CCNA, 80 pa CCNP ndi 120 pa CCIE, ya pamwamba pa ziwirizi. Ndiye pepala lililonse lomwe watenga lili ngati chiweto, limafuna kudyetsedwa. Ndinali ndi mnzanga amene anatolera masatifiketi a makampani anayi osiyanasiyana, ndipo chaka chilichonse panali limodzi lomwe likutha. Ankawerengera mayeso nthawi zonse, osapeza mpata wophunzira china chatsopano.

Zinthu zinasintha nditasamukira ku kampani yomwe ntchito yake ndi kugulitsa ndi kuika zipangizo za netiweki kwa makasitomala. Kumeneko ndi komwe ndinaona mtengo weniweni wa pepala. Makampani opanga zipangizo amafuna kuti ogulitsa awo akhale ndi anthu angapo a masatifiketi kuti asunge udindo wawo wa partner, ndipo udindowo umakhudza mitengo yomwe amagulira katundu. Komanso makasitomala akuluakulu akamaitanitsa makampani kuti apikisane pa ntchito (ma tender), kawirikawiri amafuna kuti mu fayilo mukhale makope a masatifiketi a anthu omwe adzagwire ntchitoyo. Pamalo otere, pepala langa linali chinthu chomwe kampani imapangira ndalama. Sabata yachiwiri bwana anandifunsa yekha kuti CCNP ndimaliza liti. Mayeso achiwiri a CCNP, a ENARSI, 300-410, analipira ndi iwo, ndipo anandipatsanso masiku owerengera.

Anandipatsanso pangano loti ndisainire, lakuti ndikachoka pasanathe miyezi 18 ndibweze ndalama zonse. Ulendo uno ndinawerenga mzere uliwonse. Ndinapempha kuti ndalama yobwezayo izichepa mwezi uliwonse womwe ndagwira ntchito, m'malo mokhala yonse mpaka tsiku lomaliza, ndipo anavomera popanda kuvuta. Safunsa anadya phula. Anzanga ena anasaina mapangano ofanana nawo osafunsa, ndipo mwayi wabwino utawapeza kwina analephera kunyamuka.

Kuwerengera ENARSI kunandibwezera mwa njira yomwe sindinkayembekezera. Tinali kwa kasitomala usiku, tikulumikiza router ya Cisco ndi ya Juniper, ndipo OSPF, yomwe ma router amauzirana nayo njira, inkakana kudzuka. Ping inkadutsa bwinobwino. Area inali yofanana, ma timer ofanana, koma `show ip ospf neighbor` inkaonetsa EXSTART, kutanthauza kuti ma router akadali poyambira kugawana, n'kugwa, n'kubwereranso pomwepo. Ola linatha anthu akusinthasintha zinthu. Ine ndinakumbukira kuti vuto lomweli ndinalipangapo dala mu labu. Ma router akamayamba kugawana zomwe akudziwa, amatumizirana mapaketi otchedwa Database Description, ndipo m'mapaketi amenewo muli MTU, kukula kwa paketi yaikulu kwambiri yomwe interface ingatumize. Router ikalandira paketi yonena MTU yaikulu kuposa yake, imaikana. Tinatsegula Wireshark, ndipo zinali poyera, mbali imodzi 1500, mbali inayo 9000. Wina anali ataikweza kalekale pa ntchito ina n'kuiwala. Titazifananitsa, pasanathe mphindi imodzi panaoneka FULL, kusonyeza kuti ma router agwirizana.

Khalidwe limenelo la OSPF si la Cisco kapena la Juniper. Linalembedwa mu RFC 2328 ya mu 1998, yomwe aliyense angaiwerenge ulere. BGP ili mu RFC 4271. Ma VLAN pa trunk amatsata IEEE 802.1Q. Gawo lalikulu la zomwe munthu amaphunzira pokonzekera satifiketi ya kampani imodzi limagwira ntchito pa zipangizo za kampani iliyonse. Chomwe chimasiyana ndi mawu a malamulo ndi mayina a katundu. Nditayamba kugwira Junos, pulogalamu yoyendetsa zipangizo za Juniper, zinanditengera milungu yochepa kuzolowera, ndipo ndinasangalala kupeza `commit confirmed`, yomwe imabweza yokha config yakale pakatha mphindi khumi ngati sunatsimikize. Ndinakumbukira mkulu uja. JNCIA, satifiketi yoyambira ya Juniper, sindinalembe, chifukwa palibe amene wandipemphapo. Koma munthu amene kuntchito kwake, kapena kumakampani omwe akufuna kukalowa, kuli zipangizo za Huawei, MikroTik, Fortinet kapena Juniper, sindingamuuze kuti ayambire ku Cisco chifukwa choti ine ndinayambira kumeneko. Mayeso oyenera kuwalipira ndi omwe olemba ntchito akuwatchula.

Za CCIE ndaziganizira kwambiri. Inayamba mu 1993, ndipo mpaka pano anthu a m'ntchito yathu amaipatsa ulemu, inenso ndimaipatsa. Mayeso ake a mu labu amatenga maola asanu ndi atatu, amalipiridwa madola 1,600 pa ulendo uliwonse, ndipo kwa ambiri pamafunikanso ndege ndi malo ogona, chifukwa malabu okhazikika ali m'mizinda yowerengeka monga Brussels, Dubai ndi Bangalore. Ambiri sakhoza ulendo woyamba. Usiku wina tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, tinalemba ndalama zonse za maulendo awiri, n'kulembanso maola, chifukwa zimafuna madzulo ndi masabata a chaka chathunthu kapena kupitirira. Iwo anangondifunsa funso limodzi: "Bambo, alipo amene wakuuzani kuti mukaipeza akupatsani chakuti?" Panalibe. Ndinaiika pambali. Kampani ikadzaifuna n'kulipira, ndidzalowa ndi mtima wonse. Maola amenewo ndinawaika pa Linux, Python ndi Ansible, zomwe ndilibe pepala lake lililonse koma ndimazigwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Tsopano ndimakhala nawo mbali ina ya tebulo pofunsa anthu ofuna ntchito. Amene anawerenga ndi manja amadziwika pa funso lachiwiri, chifukwa amayamba ndi mawu akuti "ndikanayamba ndaona". Amene analoweza likasa amadziwikanso msanga. Amatchula tanthauzo la OSPF mosaphonya, koma ukamufunsa kuti neighbor yaima pa EXSTART, amayang'ana pansi. Sindimunyoza munthu wotere, chifukwa ndikudziwa mantha ndi ngongole zomwe zimamufikitsa pamenepo. Ndimamuuza chomwe chamugwetsa, ndi pulogalamu yoti akaike pa laputopu yake, kaya Packet Tracer, GNS3 kapena EVE-NG.

Mwezi watha mnyamata wina amene amatikokera nthambo ananditsatira kumapeto kwa ntchito. Anali ndi kapepala ka kosi ya masiku asanu, ndipo anali atapeza kale womubwereka ndalama. Ndinamupempha kuti asalipire kaye. Ndinamuuza kuti atole zilengezo khumi za ntchito zomwe akuzifunadi, alembe satifiketi yomwe chilichonse chikutchula, abwere nazo. Anabwera patapita masiku atatu. Zisanu ndi ziwiri zinkatchula CCNA, chimodzi Network+, ziwiri sizinatchule kanthu.

"Ndiye ndilembe, akulu?" anafunsa.

"Mulembe, mphwanga. Ndalama ya mayeso yokha ndiyo muyambe kusunga. Ya kosiyo abwezereni eni ake."

Loweruka ndinamupititsira ma switch awiri aja a 2960, omwe anakhala m'kabati mwanga zaka zonsezi, pamodzi ndi nthambo ya console ndi mndandanda wa mitu ya mayeso. Ndisanawapakire ndinasintha dala native VLAN mbali imodzi ya trunk, ndipo ndinamuuza kuti pali chinthu chimodzi chomwe ndathyola, andiimbire akachipeza. Anaimba Lachiwiri usiku.